Lakers ndi ya ndani, nanga nyanjayo ili kuti?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mmodzi mwa inu amene amakhala ku Zomba. Ndaidula pang'ono chifukwa inali ndi malonje ambiri, koma nkhani yake, yokhudza timu ya basketball ya ku America ya Los Angeles Lakers, ndi iyi:

"Ndinagula jezi yachikasu pa kaunjika, yolembedwa Lakers kutsogolo ndi nambala 23 kumbuyo. Alamu anga atangoiona anati timu imeneyi mwini wake ndi LeBron James, ndipo dzina lakuti Lakers likutanthauza kuti mzinda wa Los Angeles uli m'mbali mwa nyanja ngati Mangochi. Ine ndinatsutsa koma ndinalibe poyambira. Tabetcherana nkhuku. Timuyi inayamba bwanji, ndi ya ndani, ndipo n'chifukwa chiyani anthu amaifera chonchi mpaka ife kuno?"

Achimwene, terekani madzi, nkhukuyo ndi yanu. Komabe alamu anuwo muwapatseko ntchafu imodzi, chifukwa pa nkhani ya nyanja sanaphonye kwenikweni. Los Angeles ilidi m'mbali mwa madzi, koma ndi nyanja yamchere ya Pacific. Mawu achingerezi akuti lake amanena nyanja yozunguliridwa ndi mtunda ngati yathu ya Malawi kapena Chirwa wakwanu uko, ndipo ku Los Angeles kulibe nyanja yotere yoti munthu angatchulire timu. Dzinali linachita kubwera ndi katundu kuchokera kwina.

Kuno kwathu tinazolowera kuti timu imakhala pamalo amodzi, dzina n'kumasintha. Maule akhala Bata Bullets, Total Big Bullets, Bakili Bullets, Nyasa Big Bullets, koma kwawo ndi ku Blantyre basi. Manoma nawo adutsa mu Limbe Leaf, MTL, Be Forward, Mukuru, koma Nyerere zili pomwe zija. Ku America zinthu zimayenda mozondoka: dzina limakhala lomwelo, mzinda ndi umene umasintha. Timu ya mu NBA, ligi yaikulu ya basketball kumeneko, ndi bizinesi ya munthu, ngati mmene munthu amakhalira ndi chigayo. Akaona kuti kuno anthu asiya kugayitsa, amazula injini n'kukaizika kwina, chikwangwani chomwecho. Ndiye chifukwa chake kuli timu yotchedwa Utah Jazz pamene nyimbo za jazz kwawo ndi ku New Orleans, komwe timuyo inachoka mu 1979. Mukamvetsa zimenezi, mbiri yonse ya Lakers imayamba kumveka.

Timuyi inabadwira ku Detroit mu 1946, ili ndi dzina lakuti Gems, ndipo inali ya manyazi: m'masewero 44 inapambana anayi okha. Mu 1947 amalonda awiri, Ben Berger ndi Morris Chalfen, anaigula pa mtengo wa madola 15,000 n'kuisamutsira ku Minneapolis, m'chigawo cha Minnesota. Chigawo chimenechi chimadzitama kuti ndi dziko la nyanja 10,000, ndipo mawu amenewo amalembedwa ngakhale pa manambala a galimoto zakumeneko. Nyanja za alamu anu zija zili kumeneko, kumpoto kozizira, kumalire ndi Canada.

Kukanika kwa Gems kuja kunasanduka mwayi. Ku America timu imene yathera kunsi kwa ligi siituluka monga zimakhalira mu Super League kapena Premier League. M'malo mwake, nthawi imeneyo inkapatsidwa mpata woyamba posankha osewera atsopano. Choncho pamene ligi ina inagwa chaka chomwecho osewera ake n'kugawidwa, Lakers inasankha koyamba ndipo inatenga George Mikan, chimunthu chotalika mamita 2.08 chimene chinkasewera chitavala magalasi a maso. Mikan anavuta mpaka akuluakulu a ligi anasintha malamulo chifukwa cha iye. Mu 1951 anakulitsa kadera ka pansi pa nkhata, komwe wosewera saloledwa kuima nthawi yaitali, kuti asamangodikirira mpira pompo. Pa 22 November 1950 timu ya Fort Wayne Pistons inaganiza zongoumirira mpira kuti Mikan asaukhudze, ndipo inapambana 19-18, chiwerengero chotsikitsitsa m'mbiri ya NBA. Masewero otopetsa ngati amenewo ndi amene anadzabala lamulo la mu 1954 lakuti timu iponye mpira ku nkhata masekondi 24 asanathe. Ku Minneapolis timuyi inatenga zikho zisanu zimene NBA imawerenga: 1949, 1950, 1952, 1953 ndi 1954.

Mikan atapuma, anthu anasiya kupita kukaonerera. Timuyi inalibenso bwalo lakelake, inkangobwereka maholo. Mwini watsopano, Bob Short, anaona mmene timu ya baseball ya Dodgers inapezera ndalama itachoka ku Brooklyn kupita ku Los Angeles mu 1958, naye analongedza mu 1960. Koma pang'onong'ono sakanapeza cholongedza: mu January chaka chomwecho ndege ya timuyi inasochera m'chimphepo cha chipale magetsi ake atazima, n'kukatera m'munda wa chimanga ku Carroll, m'chigawo cha Iowa. Palibe anavulala. Elgin Baylor, katswiri wawo wa nthawiyo, anali momwemo.

Zaka khumi zoyambirira ku Los Angeles zinali za misozi, ndipo misoziyo inali ndi dzina limodzi: Boston Celtics. Lakers inali ndi Baylor ndi Jerry West, amene chithunzi chake anthu ambiri amati ndi chimene chili pa chizindikiro cha NBA chija, cha munthu woyera pakati pa buluu ndi kufiira. Koma inkafika mu fainolo n'kumagonja kwa Boston: 1962, 1963, 1965, 1966, 1968, 1969. Chaka chomalizachi ndiye chinawawa kuposa zonse. Mwini wa nthawiyo, Jack Kent Cooke wa ku Canada, amene anagula timuyi mu 1965 pa madola 5 miliyoni ndi pang'ono, anali atamanga bwalo lake lokongola la Forum ku Inglewood, n'kusintha mitundu ya timu kukhala yachikasu ndi yapepo imene mwavalayo. Fainolo ya NBA imatha kufika masewero asanu ndi awiri, ndipo pa sewero lachisanu ndi chiwiri, lotsiriza, analamula kuti apachike mabaluni masauzande kudenga, oti agwe Lakers ikapambana. Bill Russell ndi anzake a Celtics atawaona anapsa mtima, n'kupambana 108-106. Mabaluni anatsala kudenga konko. West anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu fainoloyo ngakhale timu yake inagonja, ndipo mpaka lero palibenso wina wa timu yogonja amene analandirapo ulemu umenewo. Chikho choyamba cha ku Los Angeles chinabwera mu 1972, West ali ndi Wilt Chamberlain, atapambana masewero 33 motsatizana. Baylor anali atapuma kumayambiriro kwa nyengo yomweyo, bondo litamukana. Anachoka opanda chikho.

Tsopano pano ndiye pali mutu wa nkhani, chifukwa Lakers imene dziko likuidziwa lero inapangidwa ndi munthu mmodzi mu 1979. Jerry Buss anakulira mu umphawi ku Wyoming, anaphunzira sayansi ya kemisitiri mpaka kukhala dokotala wa maphunzirowo, koma chuma anachipeza pogula ndi kubwereketsa nyumba. Anapereka madola 67.5 miliyoni kwa Cooke, n'kutenga Lakers, timu ya hockey ya Kings, bwalo la Forum ndi famu yaikulu. Nthawi imeneyo NBA inali isanatchuke. Ngakhale sewero lomaliza la fainolo ya 1980, m'mizinda yambiri wailesi yakanema inachita kulijambula n'kudzalionetsa usiku anthu atagona.

Buss anaona chinthu chimene anzake sanachione: ku Los Angeles, kwawo kwa Hollywood, munthu sapikisana ndi matimu ena okha, amapikisananso ndi makanema, madansi ndi gombe. Choncho anati sewero la Lakers likhale chisangalalo cha usiku wonse. Anabweretsa gulu la atsikana ovina la Laker Girls ndi bandi, anatsegula kalabu m'bwalo momwemo, ndipo mipando ya m'mphepete penipeni mwa bwalo anaikweza mtengo mpaka inasanduka malo oti anthu otchuka azionekerapo. Jack Nicholson, katswiri wa makanema, anakhala pampando wake pamenepo zaka makumi angapo, magalasi akuda kumaso, akukalipira oyimbira. Ndipo chaka chomwecho cha 1979 timuyi inasankha mnyamata wina womwetulira wochokera ku Michigan, Earvin Johnson, amene aliyense amangomuti Magic.

Mu fainolo ya 1980, katswiri wa Lakers Kareem Abdul-Jabbar atavulala akakolo, Magic wa zaka 20 anasewera pamalo pake n'kuchinya mapointi 42, Lakers n'kutenga chikho ku Philadelphia. Kasewero kawo kothamanga, kopatsirana mpira osayang'ana, anthu anakatcha Showtime. Zikho zinabwera mu 1980, 1982, 1985, 1987 ndi 1988, zinayi mwa izo mphunzitsi ali Pat Riley. Cha 1985 ndicho chinachotsa chitonzo, chifukwa anagonjetsa Celtics pakwawo ku Boston Garden, atagonja kwa iwo mafainolo asanu ndi atatu m'mbuyomo. Mkanganowu sunali wa mpira wokha. Boston ya Larry Bird anthu ankaiona ngati ya azungu ogwira ntchito zolimba, Lakers ya Magic ngati ya anthu akuda ndi ya matama a Hollywood. Chithunzichi sichinali choona kwenikweni, popeza Celtics ndi imene inayamba kukhala ndi mphunzitsi wakuda mu NBA, Russell yemwe uja, mu 1966. Koma chinagulitsa, ndipo ligi yonse inadyerapo.

Ndiime kaye pa 7 November 1991, tsiku limene Magic anauza atolankhani kuti ali ndi kachilombo ka HIV ndipo akusiya kusewera. Anali ndi zaka 32. Ife amene tinalipo zaka zimenezo tikukumbukira mmene zinalili kuno: maliro sabata iliyonse, ndipo pamaliropo anthu n'kumangoti anadwala nthawi yaitali. Kuti munthu wotchuka chonchi aime pagulu n'kutchula dzina la matendawa, sizinali zamasewera. Ambiri ankaganiza kuti satha zaka ziwiri. Anakasewera ku Olympics ya 1992 ku Barcelona, anabwereranso mu NBA kwa kanthawi mu 1996, ndipo anadzakhala mkulu wa zamalonda. Ine ndikamva munthu wamsinkhu wanga akuti amakonda Lakers, nthawi zambiri ndimapeza kuti chikondicho chinayambira pa Magic.

Achinyamata ambiri, mwina ndi inu nomwe, analowera pa Kobe Bryant. Mu 1996 Jerry West, amene tsopano anali bwana wosankha osewera, anatenga Kobe wa zaka 17 kuchokera ku Charlotte posinthanitsa ndi Vlade Divac, n'kukokanso Shaquille O'Neal kuchokera ku Orlando. Atafika mphunzitsi Phil Jackson anatenga zikho zitatu zotsatizana, 2000, 2001 ndi 2002. Koma atambala awiri salira m'khola limodzi. Shaq anagulitsidwa ku Miami mu 2004, Kobe anatsala, anachinya mapointi 81 pa sewero limodzi ndi Toronto mu January 2006, kenako ndi Pau Gasol wa ku Spain anatenga zikho za 2009 ndi 2010, chomalizachi pogonjetsa Celtics. Anasewera zaka 20 m'timu imodzi. Atamwalira pa ngozi ya helikopita pa 26 January 2020 pamodzi ndi mwana wake Gianna ndi anthu ena asanu ndi awiri, makoma a Los Angeles anadzaza zithunzi zake. Mukadzapeza jezi ya 8 kapena 24 pa kaunjika, musaisiye, manambala onsewo anali ake ndipo palibenso wa Lakers amene adzawavale.

Tibwerere ku funso la nkhuku lija, la mwini.

Jerry Buss anamwalira mu February 2013 atatenga zikho khumi. Masheya ake, pafupifupi magawo awiri mwa atatu a timu yonse, anawasiya m'manja mwa ana ake asanu ndi mmodzi kuti akhale chuma chimodzi. Mwana wamkazi, Jeanie, anam'patsa mpando waukulu ndi za malonda, pamene Jim, wamwamuna, anam'patsa zosankha osewera. Aliyense amene anaonapo chuma chamasiye akudziwa kale zimene zinatsatira. Timu inalowa pansi, inatha zaka zisanu ndi chimodzi, 2014 mpaka 2019, osafika ndime ya chipulula. Mu February 2017 Jeanie anachotsa ntchito mchimwene wakeyo, n'kuikapo Magic. Azichimwene ake awiri akuluakulu anayesa kumulanda mpando, nkhani inafika kukhoti, Jeanie anapambana. LeBron James anabwera mu July 2018, Anthony Davis mu 2019, ndipo mu 2020, mliri wa Covid-19 uli mkati, anatenga chikho cha 17 ku Orlando m'bwalo lopanda oonerera. Jeanie anakhala mayi woyamba kutsogolera timu ya NBA monga mwini wake mpaka kutenga chikho.

Ndiye LeBron anabwera monga wolembedwa ntchito. Wamalipiro aakulu ndithu, womveredwa akayankhula, amene mu February 2023 anaposa mapointi 38,387 a Kareem n'kukhala wochinya kwambiri m'mbiri ya ligi, koma wantchito basi. Malamulo a ligi salola kuti munthu amene akusewerabe akhale mwini wa timu ya NBA. Mwina alamu anu anasokoneza ndi nkhani ina imene ili yoona: LeBron ali ndi kagawo m'kampani ya Fenway Sports Group, eni ake a Liverpool. Ngati alamuwo ndi a Liverpool, auzeni kuti bwana wawo ndi ameneyo.

Pofika kumapeto kwa 2025, eni ake enieni anali awa. Mu 2021 Mark Walter ndi Todd Boehly anagula magawo 27 pa 100 a timuyi kwa Philip Anschutz. Boehly ndi yemwe uja masapota a Chelsea akhala akumutchula, mokondwa ndi mokwiya, chiyambire 2022, ndipo Walter nayenso anaikamo ndalama mu Chelsea momwemo. Walter ndi mkulu wa eni ake a Dodgers, timu ya baseball ija imene inaonetsa Lakers njira ya ku Los Angeles. Mu June 2025 zinamveka kuti banja la Buss lavomera kugulitsa gawo lalikulu kwa Walter, timu yonse itawerengeredwa mtengo wa madola 10 biliyoni, ndipo eni matimu anzawo a mu NBA anavomereza mu October chaka chomwecho. Banjalo linatsala ndi gawo laling'ono, ndipo pamgwirizanowo anati Jeanie apitirize kukhala pampando woyendetsa timu. Palinso ena a timagawo ting'onoting'ono. Mmodzi ndi Patrick Soon-Shiong, dokotala amene anabadwira ku Port Elizabeth, komwe tsopano akuti Gqeberha, n'kuphunzira udokotala ku Wits mu Johannesburg. Iyeyu anagula gawo limene Magic anali nalo, mu 2010.

Yerekezani nokha: madola 15,000, kenako 5 miliyoni, kenako 67.5 miliyoni pamodzi ndi bwalo ndi famu, kenako 10 biliyoni popanda bwalo. Inde, popanda bwalo. Nyumba imene akusewereramo chiyambire 1999, yomwe inali Staples Center ndipo kuyambira mu December 2021 ndi Crypto.com Arena, ndi ya kampani ya AEG, Lakers imangochita lendi. Chimene Walter anagula ndi dzinalo, mitunduyo, mgwirizano wa wailesi yakanema umene unasainidwa mu 2011 wa zaka 20, mpando mu ligi ya matimu 30 imene palibe amatulukamo, ndi anthu ngati inu amene mumaona jezi yachikasu pa mulu wa zovala mtima n'kudumpha.

Zimenezi zatifikitsa kwa masapota. Anthu a matimu ena amawanyoza a Lakers kuti amafika mochedwa, amachoka sewero lisanathe pothawa mdipiti wa galimoto, ndipo amabwera kudzaonetsa zovala osati kudzaonera mpira. Kwa amene amakhala mipando yapansi ija, zimenezi zili ndi kachoonadi kake. Koma sapota weniweni wa Lakers ali pamwamba kudenga kumene matikiti ndi otsikirapo mtengo, kapena sanalowepo n'komwe m'bwalomo. Los Angeles ili ndi anthu ochuluka zedi ochokera ku Mexico ndi mayiko ena oyankhula Chisipanishi, moti masewero amaulutsidwanso m'chinenerocho ndipo nthawi zina osewera avalapo jezi zolembedwa Los Lakers. Kwa mabanja ambiri, mawu a timuyi anali a Chick Hearn, muulutsi amene anaulutsa masewero 3,338 motsatizana osajomba, kuchokera 1965 mpaka 2001. Mawu akuti slam dunk amene ana amakuwa pa timabwalo ta kusukulu kuno, anawatchukitsa ndi iyeyo. Mumzinda womwewo muli timu ina, Clippers, imene inabwera mu 1984 ndipo inagawana bwalo ndi Lakers zaka 25 isanamange lake mu 2024, koma mpaka pano ili ngati mlendo kwawo komwe.

Odana nayo nawonso ndi gulu lalikulu. M'mabwalo ambiri a ku America, Lakers ikafika anthu amakuwa kuti Beat LA, kutanthauza kuti ikwapuleni Los Angeles. Mfuu imeneyi inayambira ku Boston mu 1982, pamene masapota a Celtics, ataona kuti timu yawo yagonja kwa Philadelphia, anayamba kulimbikitsa adani awowo kuti akathane ndi Lakers mu fainolo. Dandaulo lawo ndi lakuti akatswiri amangogwera ku Lakers ngati mango akupsa: Chamberlain, Kareem, Shaq, Gasol, LeBron, ndipo mu February 2025 Luka Dončić, amene Dallas inam'pereka posinthanitsa ndi Anthony Davis usiku anthu ali m'tulo, ambiri n'kumayesa kuti ndi nkhani yabodza. Ine pa dandaulo limeneli ndimawamvetsa.

Ndipo pali chinthu chimodzi chimene, ngakhale timuyi ndimaikonda, sindimagwirizana nacho. Lakers imawerenga zikho 17, Boston 18 chitengereni cha 2024. Koma zisanu mwa 17 zija ndi za ku Minneapolis, za anthu amene anatsala opanda timu kwa zaka 29 mpaka Timberwolves itabwera mu 1989. Kwa zaka zambiri a ku Los Angeles sankazilabadira n'komwe. Nsalu yokumbukira zikho zimenezo anaipachika mu 2002, ndipo nambala 99 ya Mikan anailemekeza mu 2022, mwini wake atamwalira kale mu 2005. Anazikumbukira bwino pamene chiwerengero chinayamba kuyandikira cha Boston. Sapota wa Celtics akadzakuuzani kuti zanu ndi 12 zokha, musadzakwiye msanga, ali ndi mfundo. Mudzangomufunsa kuti mwa 18 zakezo ndi zingati zimene zinabwera iye atabadwa, popeza 11 ndi za pakati pa 1957 ndi 1969.

Ngati mukufuna kuionera timu ya jezi yanuyo, konzekani kudzuka. Sewero loyamba 7:30 madzulo ku Los Angeles, kuno imakhala 4:30 kapena 5:30 m'bandakucha malinga ndi nyengo, chifukwa iwo amasuntha mawotchi awo kawiri pachaka. Nyengo imayamba mu October, timu iliyonse imasewera masewero 82, fainolo imakhala mu June. Alamu anu muwadzutse tsiku lina mudzaonere limodzi, kamera ikadzaloza mipando ya m'mphepete muwasonyeze eni ake. Za ntchafu ija musaiwale.